Voti Yathu ku New York ndi Mdima wa kwa Mpama

Pa 18 Seputembala 2024, msonkhano waukulu wa bungwe la United Nations ku New York unavotera chigamulo chouza dziko la Israel kuti lichoke m'madera a Apalestina amene likuwalamulira ndi asilikali. Mayiko 124 anavomereza, mayiko 43 sanaonetse mbali, ndipo 14 okha ndiwo anakana. Pa mayiko 14 amenewo, la mu Africa linali limodzi lokha, ndipo linali Malawi. Ife amene timaphunzitsa ana m'madrasa kuno kwa Mpama kuti mzikiti wa Al-Aqsa ndiwo unali kibula choyamba cha Asilamu, nkhaniyi inativuta kumeza.

Ambiri mwa inu, abale ndi alongo athu a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, munaona ngati boma latinyoza ife monga Asilamu. Ife sitikuganiza kuti atsogoleri athu amadana ndi Chisilamu, ndipo ngakhale Akhristu ambiri anamva manyazi ndi voti imeneyo. Chimene chinakweza dzanja lathu tsiku lija tikuchiona pafupi ndi kwathu, pa mizere ya galimoto zodikira petulo ku Limbe ndi m'nyumba zimene magetsi amazima nthawi ya Magharibi. Dziko limene lilibe ndalama zakunja zogulira mafuta limamvera aliyense amene walonjeza madola.

Tikumbuke mwezi wa Novembala 2023. M'mwezi umenewo ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya sopo, shuga ndi feteleza inalumpha usiku umodzi. M'mwezi womwewo achinyamata 221 anakwera ndege ku Lilongwe kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, nkhondo ya ku Gaza ili mkati. Mindayo inali itasowa antchito chifukwa anthu ambiri a ku Thailand anali atabwerera kwawo poopa nkhondo, ndipo Apalestina anali ataletsedwa kulowa. Anansi athu a ku Tanzania anataya ana awo awiri amene anapita kumeneko kukaphunzira ulimi. Boma linatiuza poyera kuti mwa zina likufuna ndalama zakunja. Mu Epulo 2024 tinatsegula ofesi ya kazembe ku Tel Aviv, ndipo patangotha miyezi isanu tinavota momwe tinavoteramu.

Achinyamatawo sitikuwaweruza. Mnyamata amene wakhoza MSCE n'kukhala zaka zitatu akupalasa kabaza sangakane ntchito ya malipiro a madola, ndipo mayi ake amene akulandira ndalama pa foni sangamuuze kuti abwerere. Mlandu uli kwa amene anakonza zinthu mwakuti njira ya mwana wa mphawi yopezera chakudya ikhale kukathyola zipatso pafupi ndi mabomba. Boma lathu lino la Chiradzulu linabala John Chilembwe, amene mu 1914 analembera nyuzipepala kudandaula kuti anthu akuda osauka akutengedwa kukafera pa nkhondo yosawakhudza. Nkhope yake ili pa ndalama ya K2,000, ndalama yomweyo imene inafooka m'mwezi umene anyamata aja ananyamuka.

Khalidweli silinayambe ndi boma limodzi. Mu 1967 Dr Kamuzu Banda anapanga ubale ndi boma la tsankho la South Africa pamene mayiko ena a mu Africa ankalisala, ndipo ndalama za boma limenelo zinathandiza kumanga likulu la Lilongwe. Mu 1973, pamene mayiko ambiri a mu Africa anadula ubale ndi Israel, Malawi sanadule. Zipani zasinthana pampando, koma chifukwa chimene chimaperekedwa n'chimodzimodzi, chakuti ndife osauka ndipo tilibe pothawira.

Apa ndi pamene nkhani ya magetsi ikulowera. Pafupifupi magetsi onse a madzi amene tili nawo amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo Shire amamwa m'nyanja imene inu mumawedzamo usipa. Nyanja itaphwera mu 2017, dziko linakhala mumdima maola ambiri tsiku lililonse, ndipo yankho linali kubwereka majenereta a dizilo a kampani ya Aggreko, dizilo wake wogula ndi madola. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, ndipo mamegawati 130 anazima kwa nthawi yoposa chaka. Madzi akachepa tili mumdima, akachuluka tilinso mumdima. Mu 2024 nyanja inasefukira mpaka kulowa m'nyumba za m'mphepete mwake, ndipo ena mwa inu munasamutsa katundu usiku.

Kumudzi kuno, kumene mawaya a Escom safika m'nyumba zambiri, nkhaniyi imaoneka pa mitengo. Mayi aliyense amaphikira nkhuni, ndipo makala amene amawotchedwa m'mapiri amathera m'mbaula za ku Blantyre, kumene ngakhale okhala ndi magetsi sangawadalire. Phiri lopanda mitengo siligwira madzi. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atafika, matope ndi miyala zinatsika n'kukwirira mudzi wa Ntauchira m'boma lathu lino, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Timaphunzitsa ana kuti munthu ndi khalifa pa dziko ndipo chilengedwe ndi amana imene adzafunsidwa nayo. Koma n'kovuta kuuza bambo wowotcha makala za amana pamene boma silinamupatse njira ina yodyetsera ana, ndiponso silinapatse wogula makalawo chophikira china chotsika mtengo.

Chimene chimatipweteka kwambiri n'chakuti njira zina zilipo ndipo taziona zikugwira ntchito. Ku Salima kuli munda wa masola wa mamegawati 60 umene unatsegulidwa mu 2021, ndipo ku Golomoti kuli wina wa mamegawati 20 wokhala ndi mabatire osungira magetsi. Dzuwa lomwe limaumitsa usipa pathandala ku Makanjira silifuna madola mwezi ndi mwezi. Ngakhale m'mizikiti yathu ya kumudzi, kasola kamodzi padenga ndiko kamayatsa nyali ya swala ya Isha ndi kuyendetsa chimkuzamawu cha adhana. Anthu anayamba okha, ndi ndalama za m'thumba. Koma masola akuluakuluwo anamangidwa ndi kampani zakunja, zipangizo zake n'zakunja, ndipo kasola ka pa mzikiti kakawonongeka timayenda mtunda kufuna wokonza wodziwa ntchito yake.

Dziko lotumiza achinyamata ake kukathirira minda ya m'chipululu cha eni ake likanatha kuwaphunzitsa kupopa madzi a nyanja yathu ndi mphamvu ya dzuwa. Tili ndi yunivesite ya sayansi ya MUST ku Ndata m'boma la Thyolo, koma ana a sekondale za kumudzi amalemba mayeso a sayansi ambiri a iwo asanagwirepo chipangizo cha mu labotale. Ndalama zake akuti palibe. Komabe ku Kayelekera m'boma la Karonga kampani ya Paladin inakumba uranium kuyambira 2009 mpaka 2014, mwala umene umayatsa magetsi m'mayiko a anzathu, ndipo bungwe la ActionAid linawerengera mu 2015 kuti dziko lathu linataya madola pafupifupi 43 miliyoni chifukwa cha misonkho imene kampaniyo inachotseredwa kapena kuipewa. Pangano limenelo linasainidwa ndi Amalawi anzathu.

Sitikunena kuti masola okha angasinthe voti ya ku New York, chifukwa petulo ndi feteleza tidzagulabe kunja. Tikunena kuti dola iliyonse imene sitikuipereka pa dizilo wa jenereta imachepetsa mphamvu ya amene akufuna kugula dzanja lathu. Choncho mashehe athu akamadzudzula nkhanza za ku Gaza pa khutba ya Ijumaa, tikanakonda nkhaniyo isathere pa dua yokha. Aphungu a ku Mangochi, Machinga, Salima ndi Chiradzulu amafika pa maliro ndi pa ziyala zathu, ndipo amakhala pamkeka umodzi ndi ife. Tiwafunse kuti anaona ndi maso awo pangano lotumiza ana athu ku Israel, kuti ndani analamula kazembe wathu kukana chigamulo chija, ndiponso kuti mu bajeti ya chaka chino ndalama zingati zapita ku masola a zipatala za kumudzi ndi ku malabotale a sukulu.