Mtsinje wa Shire Umayambira Pakhomo Pathu



Pamene tinapempha kuti a Fomu 3 akakwere boti pa Shire nthawi ya tchuthi, ena mwa akuluakulu a komiti anatifunsa mosabisa: "Ustazi, chimanga chikukwera mtengo chonchi, si kusakaza ndalama kumeneku?" Funsoli linali loyenera. Tinalonjeza kudzayankha tikabwerako, ndipo yankho lake ndi ili.

Tinanyamuka titangoswali Fajr, kudzera ku Dedza, Ntcheu ndi Balaka, mpaka kufika pa Liwonde dzuwa litakwera. Ambiri mwa ana athu a ku Kawale, Biwi ndi Chinsapo anali asanapondepo m'boti. Litangogwedezeka, anyamata omwe amachita matama m'kalasi ndi amene anayamba kugwira mipando ndi manja awiri, atsikana n'kumawaseka.

Tinalowera kumtunda, m'nkhalango ya Liwonde yomwe inakhazikitsidwa mu 1973 ndipo ikuyang'aniridwa ndi African Parks kuyambira 2015. Tinaona mvuu zikuvuuka, ng'ona zikuwothera dzuwa pamchenga, njovu zikumwa madzi pansi pa migwalangwa. Nkhwazi, yomwe ana amangoiona pa chizindikiro cha boma, inatsika n'kuwakha nsomba ife tikupenya. Boti lonse linati zii, kenako kunangomveka "Subhanallah!"

Koma phunziro lalikulu linabwera titatsika. Nthawi ya Dhuhr itakwana, mnyamata wina anathamangira kumadzi kuti achite wudhu. Woyendetsa boti anamukuwira: "Iwe, bwerera! Muli ng'ona mmenemo!" Tinachita kutungitsa madzi m'ndowa. Tinaswali Dhuhr ndi Asr pamodzi, marakaa awiriawiri, monga amaloledwera a paulendo. Lamuloli talilemba pa bolodi kwa zaka zambiri, koma ana analimvetsa tsiku limenelo.

Tikudya, mtsikana wina wa ku Chinsapo anafunsa: "Ustazi, nanga madzi a mtsinje wa Lilongwe tingachitire wudhu?" Tinamukumbutsa zomwe tinaphunzira, kuti madzi oyenda ndi oyera pokhapokha najisi itasintha mtundu, fungo kapena kakomedwe kake. Iye anati: "Ndiye kwathu kuja ayi." Palibe anaseka, chifukwa tonse timadziwa matewera, majumbo ndi zonyansa zomwe timataya mumtsinje umenewu.

Apa m'pamene mnzathu wophunzitsa jogalafe anajambula pansi ndi kamtengo. Mtsinje wa Lilongwe umathira mu Linthipe, Linthipe amathira m'nyanja ya Malawi cha ku Salima, ndipo nyanjayo ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira madzi: Shire, ku Mangochi. Kuchoka apo madziwo amadutsa m'nyanja ya Malombe, n'kufika pa Kamuzu Barrage, yomangidwa mu 1965, pomwe tinakhalapo. Kumunsi amakazunguza makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Zinyalala, matope ndi namasupuni zikachuluka, makinawo amatsamwa. Choncho jumbo lotayidwa ku Kawale ndi mdima wa ku Kawale ndi pachibale. Tinakumbutsananso za mu 2022, pamene namondwe Ana anaononga Kapichira, ana athu n'kumawerenga ndi tochi miyezi yambiri.

Tinapita kukaona mtsinje wa eni, koma tinakapeza kuti ndi wathu womwe. Timaphunzitsa kuti munthu ndi khalifa, wosungitsidwa dziko, ndipo adzafunsidwa. Kusungitsidwako kumayambira pa ngalande ya kuseri kwa nyumba. A Fomu 3 apempha okha kuti Loweruka loyamba la mwezi uliwonse azitola zinyalala kuchokera pa mzikiti mpaka kumtsinje. Makolo, aloleni, ndipo bwerani tidzathandizane.

Pali chimodzi chomwe chikutipweteka mtima. Ana anayi anatsala chifukwa makolo awo sanakwanitse ndalama ya ulendo. Tinawaona ataima pa geti basi ikunyamuka, ndipo ife aphunzitsi tinalakwa posabwera kwa inu msanga. A komiti, tikupempha kuti tiike bokosi lapadera la sadaka pa Ijuma iliyonse kuyambira teremu ino. Tikayamba lero, chaka chamawa, Insha Allah, sipadzakhala mwana woimirira pa geti.

Wassalaam.