Phiri logona la Rungwe

Bambo anga adachoka ku Karonga ali mnyamata kukagwira ntchito m'mafamu a fodya ku Southern Rhodesia, ndipo sadabwererenso. Akamatisimbira za kwawo ankatchula nyanja, mpunga, ndi phiri lina la kutsidya kwa mtsinje wa Songwe limene akuluakulu ankati m'mimba mwake muli moto. Ife ana tinkangoseka poyesa nthano. Adamwalira ali mtchona, tili kale ku Hopley, kummwera kwa mzinda wa Harare, kumene tidakatulidwa m'chaka cha 2005 nyumba zathu za ku Porta Farm zitagwetsedwa pa nthawi ya Murambatsvina.

Chichokere chaka chimenecho ndidalumbira kuti sindidzabzalanso mtengo. Mango amene ndidabzala ku Porta Farm ndidawasiya atangoyamba maluwa. Mayi a kunyumba akandipempha kuti tiike ngakhale peyala limodzi pafupi ndi chitsime, yankho langa lidali limodzimodzi: munthu wopanda pepala la malo sabzala chinthu chobereka patapita zaka.

Mu Ogasiti 2019 ndidasonkhanitsa kandalama n'kupita ku Karonga kukaona abale a bambo. Kumeneko chivomerezi cha mu Disembala 2009 chidali chisanaiwalike, ndipo msuweni wanga adandionetsa mng'alu umene udatsala pa khoma la nyumba yake yakale. Nditamufunsa za phiri la moto lija, iye sadaseke.

“Asuweni, limenelo ndi Rungwe, lili ku Tanzania. Malume sadakunamizeni. Ngati miyendo ili bwino, tiyeni mukadzionere nokha.”

Tidaoloka malire pa Songwe n'kukwera basi yopita ku Tukuyu. Msewu utangosiya minda ya mpunga ya m'chigwa udayamba kukwera, ndipo kutentha kwa kunyanja kudatsala m'mbuyo. Mbali zonse kudali nthochi, tiyi ndi mapeyala, nthaka ili bii. Mawa lake tidalipira chilolezo, popeza nkhalango ya phirili ndi yotetezedwa, ndipo tidanyamuka tambala woyamba atangolira kufupi ndi mishoni ya Rungwe, imene a mpingo wa Moravian adakhazikitsa mu 1891. Wotitsogolera adali bambo wachikulire wa Chinyakyusa, chilankhulo chimene chimamvana ndi Chinkhonde cha msuweni wanga.

Rungwe ndi lalitali pafupifupi mamita 3,000, kutsala pang'ono kufanana ndi nsonga ya Sapitwa ku Mulanje. Poyamba tidadutsa m'nkhalango yowirira, mitengo yake ikudontha madzi ngakhale kudali chilimwe. M'menemo mumakhala kipunji, mtundu wa nyani umene akatswiri a sayansi adaulengeza mu 2005 pamene eni dera ankaudziwa kale. Ife tidangomva kulira kwake patali. Kenaka tidalowa m'nsungwi, njira ili yoterera ngati therere. Ndidagwa kawiri. Kachitatu ndidakhala pansi, mtima ukugunda m'makutu, ndipo ndidati basi ndafika pamene ndikanatha.

Bambo aja adatola mwala waukulu ngati chibakera n'kundiponyera. Ndidautchinjiriza ndi manja awiri poyembekeza kulemera, koma udali wopepuka ngati chitsononkho, wodzaza timabowo. Adati mwala wotere umayandama pamadzi, ndipo ndi thovu la chiphalaphala limene phirili lidalavula kalekale. Dera lonseli lili pamene nthaka ya Africa ikung'ambika pang'onopang'ono, mng'alu womwewo umene udapanga Nyanja ya Malawi ndi umene udagwedeza Karonga. Phiri loyandikana nalo la Kyejo lidaphulika cha m'ma 1800, ndipo akasupe a madzi otentha akutumphukabe m'derali. Rungwe sadafe, adangogona.

“Nanga bambo, simuopa kukhala m'tsinde mwa phiri lotere?” ndidafunsa kudzera mwa msuweni wanga.

“Kuopa timaopa,” adayankha motero. “Koma phulusa lake ndilo limatidyetsa. Agogo anga adabzala nthochi, ine ndabzala mapeyala amene adzakolole ndi adzukulu. Likadzuka lidzatipeza titabzala.”

Ndidanyamuka osanena kanthu. Nsungwi zidatha, tidafika pa udzu ndi zitsamba zazifupi, mphepo ikuluma makutu. Dzuwa litatsala pang'ono kufika paliwombo tidaponda pansonga. Patsogolo pathu padali chidzenje chachikulu, pakamwa pa phiri pamene padagumukira mkati, tsopano podzaza mitengo ndi nkhungu. Moto umene ndinkauyembekeza sindidauone. Nkhungu itang'ambika ndidaona kummwera kachigamba konyezimira pakati pa mapiri: kumutu kwa nyanja ya bambo anga.

Pamenepo ndidayamba kulondola madzi ndi maganizo. Mvula yogwa pa Rungwe imatsika ndi mtsinje wa Kiwira kulowa m'nyanja, kutuluka ndi Shire mpaka ku Zambezi. Mvula yogwa pa denga langa ku Hopley imathera mu Manyame, amene naye amakathira mu Zambezi ku Mozambique. Akulu adati madzi saiwala khwawa. Bambo adagona ku manda a Granville, pafupi ndi Hopley, ndipo kwa zaka zambiri zinkandiwawa kuti ndidalephera kuwabweza kwawo. Pansonga paja ndidaona kuti madzi a kumene adabadwira ndi a kumene adagona amakumana ndithu kunsi.

Kutsika kudapweteka maondo kuposa kukwera, ndipo tidafika kumudzi kuli chisisira. Usiku umenewo sindidagone msanga. Ndinkawerenga zaka 14 zimene ana anga adakula pabwalo lopanda mthunzi, osati chifukwa choti wina adatiletsa kubzala, koma chifukwa cha lumbiro langa.

Nditabwerera ku Harare, mvula yoyamba ya Novembala itagwa, ndidakumba dzenje pafupi ndi chitsime n'kuikamo mbande ya peyala. Mayi a kunyumba adaima pakhomo n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

“Kodi bambo, pepala lija labwera?”

Ndidati ayi, silidabwere. Kufikira lero sindinaligwire m'manja. Koma mtengowo tsopano wapitirira denga, ndipo mapeyala ake oyamba tidagawana ndi anansi.