Za Kugulitsa Njinga ya Magudumu Atatu

Pa mseu wocokera ku Kaporo kunka ku Karonga timaona njinga za magudumu atatu, zimene abale athu opunduka miyendo apalasa ndi manja ali cikhalire. Zatsopano nzosowa, cotero ndi yakale yomwe ipeza wogula msanga.

Tsono ife ogulitsa tisabise cirema ca njinga ndi utoto. Ngati tcheni cigwa kawiri-kawiri, kapena mabuleki sagwira, tinene tisanapangane mtengo. Pakuti mwini miyendo, njinga ikaonongeka, atsika naikankha kufikira kwao. Koma wopunduka atsala pomwepo, pa dzuwa loŵaŵa la kunyanja, kulindira wacifundo.

Njinga yotere ndiyo miyendo yace. Nanga ndani angagulitse mbale wace miyendo yotyoka?