Mzungu akayenda wapansi ati ndi ngwazi, nanga wosenza katundu?

Abale anga apamsika, kunja kuno kuli anthu amene amalipira ndalama kuti atope. Kuno ku Nkhotakota timawaona akutsika basi, chichikwama kumsana, nkhope psuu ndi dzuwa. Wina ati wachokera ku phiri la Kilimanjaro, wina ku Nepal, wina akupita ku Mulanje kukakwera Sapitwa, mamita 3,002. Akabwerera kwawo amalemba buku.

Ine sindidana nawo ayi. Amagula nsomba zathu, ndipo sanenerera kwambiri. Chimandiwawa n'chakuti kuyenda kumeneku amakutenga ngati adayambitsa ndi iwo.

Pitani pa mkuyu uja wa ku mishoni, pomwe David Livingstone adakumana ndi Jumbe mu 1863 n'kumuchonderera kuti aleke kugulitsa anthu. Mlendo aliyense amajambulitsa pamenepo. Koma oyenda enieni a nthawi imeneyo adali akapolo. Ankawaolotsa nyanja pa zombo, kenaka wapansi mpaka ku Kilwa, miyezi itatu kapena inayi, goli m'khosi, minyanga ya njovu pamutu. Maina awo mudawamvapo? Malondawo adapitirira mpaka 1894, pomwe Harry Johnston adachotsa Jumbe womaliza.

Livingstone yemweyo atamwalira kwa Chitambo mu 1873, adamunyamula ndani? Susi ndi Chuma pamodzi ndi anzawo, miyezi isanu ndi inayi m'thengo mpaka ku Bagamoyo. Chumayo adali Myao. Kusukulu tidangomudutsa ngati dzina la pa mayeso.

Agogo anga aamuna adapita ku Joni wapansi, phazi losavala, kuoloka Zambezi, kugwira ganyu m'mafamu kuti apeze ya ufa. Agogo aakazi ankasenza dengu la usipa wouma kukwera mapiri a ku Ntchisi kukasinthanitsa ndi chimanga. Ankadutsa m'nkhalango momwe muli njovu ndi kashembe, mwana kumbuyo. Palibe adawatcha ngwazi. Ankangoti ndi umphawi basi.

Nkhalango yomweyo lero ndi malonda. A African Parks adayamba kuiyang'anira mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 adabweretsamo njovu pafupifupi 500 zochokera ku Liwonde ndi Majete. Alendo akufuna kuyenda m'mbali mwa Bua, mtsinje wa mpasa, ndi kuona phiri la Chipata. Zabwino ndithu.

Koma inu mumadziwa malonda kuposa ine. Tomato sagulitsidwa ndi mtengo wonena wogula. Nanga bwanji mnyamata wodziwa njira, wosenza chikwama cha mlendo tsiku lonse, amangoti "mundiganizire, bwana"? Mnzanga wina adaperekeza alendo awiri masiku atatu m'mphepete mwa nyanja, kuwaphikira, kuwaolotsa mitsinje. Adamupatsa sikipa yakutha ndi adiresi ya ku Germany. Kalata adalemba kawiri konse.