Foni ya ku Chipoka Sidikira Mzere Wotsegula

Ku Cape Town munthu akaitana Uber amaona kagalimoto kakuyenda pamapu a pafoni: kakhota apa, kaima pamaloboti apo, mpaka kafika pageti. Sadina chilichonse, tsamba limangosintha lokha. Eni mzinda adazizolowera, koma mnyamata wina wa ku Chipoka amene amalemba mapulogalamu kumeneko zimamukomerabe mpaka lero, ndipo ntchito yomwe akudyera ndi yomweyi.

Intaneti ya masiku onse imayenda mofunsa ndi kuyankha. Foni ifunsa seva, seva iyankha, nkhani yatha; wofuna zatsopano afunsenso. WebSocket, yomwe malamulo ake adatuluka mu Disembala 2011 m'chikalata cha RFC 6455, idabwera ndi njira ina. Foni imayamba ndi pempho wamba la HTTP, seva ikavomera ndi nambala 101 mzere umatsala wotsegula, ndipo mbali iliyonse imalankhula nthawi yomwe yafuna. Ambiri salimbana nazo okha zonsezi, amangotenga Socket.IO, yomwe Guillermo Rauch wa ku Argentina adayambitsa mu 2010.

Kuntchito kwa mnyamata wa ku Chipoka uja, kampani yoperekera katundu pa njinga zamoto, adamuuza kuti ayike zimenezi m'tsamba lawo lolembedwa ndi React. Zidayenda msanga modabwitsa. Muofesi muli faiba, seva ili mumzinda momwemo chifukwa Amazon idatsegula malo ake a makompyuta ku Cape Town mu Epulo 2020. Uthenga umafika pakompyuta ya mnzako chala chisanachoke pabatani. Tsiku loyamba adangokhala n'kumatumiza mauthenga achabechabe kuti aziwaona akutulukira tsidya lina la tebulo.

Chomwe chidamuwawa chidabwera pambuyo. Iye adapitiriza kulemba za zomwe zichitike mzere ukaduka, ndipo mkulu wa gulu lawo adati akutaya nthawi ndi chinthu chochitika mwa apo ndi apo. Wina adaonjezera nthabwala yoti kuno si kumudzi kwawo. Anthu adaseka, iye sadaseke.

Ndipo amene adalondola ndi iyeyo. Seva ya Socket.IO imagogoda pafoni masekondi 25 aliwonse n'kudikira yankho masekondi 20. Choncho netiweki ikathawa mwakachetechete, tsamba likhoza kutha pafupifupi masekondi 45 likuonetsa zakale ngati za pompano. Foni imalumikizanso yokha, n'zoona, koma mauthenga omwe seva idatumiza iyo ili kunja amatayika, pokhapokha wolemba atayatsa njira yowasungira yomwe idabwera mu 2023, nayonso ya kanthawi kochepa. Choopsa kwambiri chili mbali inayi: zomwe munthu adadina mzere uli woduka zimaunjikana m'foni, netiweki ikabwera zimapita zonse pakamodzi. Wodina katatu pokhumudwa watumiza katatu. Nchifukwa chake iye adapatsa uthenga uliwonse nambala yakeyake kuti seva ikane wobwereza, adayika kamzere kofiira konena ola lomwe tsamba lidamva komaliza kuchokera ku seva, ndipo adalemba kuti foni ikalumikizanso iyambe yafunsa zonse mwatsopano.

Izi sadaziwerenge m'buku. Ku Chipoka bandulo imatha nkhani ili mkati, anthu amathimitsa data kuti ifike mawa, foni imagona kotchajitsa. Amalume ake akagulitsa usipa padoko, wogula akati watumiza pa Mpamba kapena Airtel Money, ndowa sinyamuka mpaka meseji italira m'thumba mwawo. “Mphwanga, zapafoni ya mwiniwake si ndalama,” amatero. Pulogalamu yabwino iyenera kukhala yokayika ngati amalumewo.

Chomwe chimamupsetsa mtima n'chakuti kuduka kwa mzere si nkhani yachilendo ku South Africa. Mu 2023 magetsi ankathima maola ambiri patsiku, mabatire a nsanja za mafoni n'kumatha, netiweki n'kumasowa ngakhale m'tauni. Komanso amene amagwiritsa ntchito tsambali tsiku lonse si anthu a muofesi ayi. Ndi anyamata a panjinga, ena mwa iwo Amalawi anzake ogona ku Dunoon ndi ku Khayelitsha, a mafoni otsika mtengo ndi data yogula pang'onopang'ono. Tsamba likanama kuti katundu sadafike, wodulidwa malipiro ndi iwowo.

Sadakangane nawo kwambiri akuluakuluwo. Munthu amene chilolezo chake chogwirira ntchito chikudikira kuonjezeredwa amayeza mawu asanalankhule. Lendi ikudya gawo lalikulu la malipiro, kumudzi akudikira fizi ya mlongo wake ndi malata a nyumba ya amayi, ndipo maliro a agogo adangowamvera pa WhatsApp, mawu akudukaduka. Mphepo ya kumwera chakum'mawa ikamakuntha mzindawu usiku, maganizo amathawira kunyanja: njanji yofika mpaka padoko, nyali za asodzi, nsima ya usipa wofutsa. Ntchito ya mzere woduka ija adakaimalizira kunyumba, pa nthawi yake.

Amalakalaka atapangira kwawo chinthu chotere, chonena mtengo wa nsomba m'madoko a Salima ndi kuchenjeza za mwera anthu asanakankhe mabwato. Koma sangayambe ndi soketi, mzere wotsegula uja. Mzere wokhala wotsegula umadya batire, kugogoda kuja kumanyenyanso bandulo, ndipo asodzi ambiri ali ndi mafoni a mabatani. Chenjezo la mphepo lingayende pa SMS, mitengo pa USSD, momwe anthu adazolowera kale ndi *211# ndi *444#. Soketi ingatsalire wamalonda wa ku Lilongwe kapena ku Salima boma amene watsegula tsamba m'mawa kuti aone kumene usipa watuluka wambiri asanalipire galimoto, ndipo akatseka tsambalo mzerewo uzitsekekanso.