KU LIZULU PA MASILINDA ATATU

Tomato amene mumayala pa benchi mumsika wa Limbe, kabichi wa ku Ndirande ndi mbatata ya kachewere imene anyamata amakazinga pa chiwaya ku Chirimba, zambiri mwa izi zimatsika kuchokera kumapiri a Ntcheu ndi Dedza. Wageni aliyense amawadziwa maina ake: Tsangano, Mlangeni, Lizulu, Bembeke. Koma pakati pa munda ndi benchi lanulo pali msewu wa M1, ndipo pamsewupo pamayenda magalimoto okalamba amene moyo wake uli m'manja mwa amakaniko. Galimoto ikadwala panjira, mpamba wanu nawo umadwala.

Sabata zapitazi ndidatsagana ndi amayi anayi a ku Ndirande omwe adasonkherana ndalama n'kuchita hayala pikapu yopita kukapikula ndiwo ku Lizulu. Inali pikapu yakale ya petulo, ya masilinda 4, ya kabuleta ndi disitibyuta, yamtundu umene mwini wake amaulumbirira kuti sufa. Tidanyamuka 4 koloko mbandakucha, madengu opanda kanthu ali mbwee kumbuyo, amayi atafunda zitenje mpaka kumutu.

Mpaka pa Lunzu injini inkalira bwinobwino. Titadutsa Lirangwe, itatentha, idayamba khalidwe lake. Dalaivala akaponda mafuta inkakoka monyinyirika, akaima thupi lonse la galimoto linkanjenjemera ngati munthu wa malungo, kumpope wa utsi kukumveka phu! phu! "Ikumisa," adatero dalaivalayo. Kenaka adaulula kuti misi imeneyi yatha nayo miyezi iwiri, imabwera injini ikatentha, m'mawa kukazizira imabisala.

Pa Zalewa, pomwe msewu umaoloka Shire ndi kupatukana ndi wa ku Mwanza, mpomwe tidapeza sing'anga woyamba. Malowa sagona. Kuli rodibuloko ya apolisi, malole opita ku Tete, ana ogulitsa madzi ndi mazira owiritsa, komanso anyamata a masipanala m'thumba amene amamva galimoto yodwala isanaime n'komwe. Mnyamatayo sadadikire kuti afotokozeredwe. "Ndi mapulagi amenewo, bwana." Mapulagi anayi atsopano adalowa, ndalama idatuluka. Injini itapumako idalira bwino, tonse tidaomba m'manja. Tisanafike pa Phalula, phu! phu! uja adabwerera.

Chigawo cha pakati pa Zalewa ndi Chingeni n'chotentha, cha malambe ndi matumba a makala oimikidwa m'mbali mwa msewu. Dzuwa litangotuluka thukuta lidayamba kale. Titalipira pa tolo geti ya Chingeni, yomwe idatsegulidwa mu 2021, tidakumana ndi sing'anga wachiwiri. Uyu ati vuto ndi mafuta akuda. Adafunsa ngati dalaivala amathira petulo wa m'zigubu, dalaivala n'kuvomera kuti nthawi ya kusowa kwa mafuta ankagula kwa mavenda ngati wina aliyense. Maganizo a mkuluyu sadali opusa. Petulo wa m'zigubu ena amamusakaniza ndi palafini, ndipo petulo wathu kuno amasakanizidwa ndi ethanol, yemwe adayamba kupangidwa ku Dwangwa mu 1982 ndipo amakoka madzi akakhala m'chigubu chosatseka bwino. Tsono adasintha fyuluta, n'kumasula kabuleta, n'kuipemerera ndi pakamwa. Ndalama ina idatuluka. Pa Kampepuza misi ija idatipezanso, tsopano itakwiya.

Apa amayi aja adasiya nthabwala. Mmodzi, wamkulu pa onse, adamasula mfundo ya chitenje n'kuwerenganso ndalama zake ngati kuti zachepa m'njira. Adali atakongola ku banki m'khonde, yobweza Loweruka. "Achimwene," adauza dalaivala, "ife tidalipira kuti tikafike msika usanatenthe. A ku Lilongwe akatitsogolera tikatola zotsala."

Pa boma la Ntcheu, kuseri kwa mashopu, pansi pa mtengo wa mango, ndi pomwe tidalozeredwa kwa madala ena amene akhala akukonza magalimoto kuyambira nthawi ya Kamuzu. Garaja yawo ndi mthunzi, bokosi lachitsulo ndi kamnyamata kophunzira ntchito. Phiri la Ntcheu lili cha kumtunda, mabasi akudutsa, fungo la chipisi ndi oilo wakuda zili pamodzi. Chidandidabwitsa n'chakuti madalawa sadathamangire sipanala. Adayamba ndi mafunso. Imamisa liti, yozizira kapena yotentha? Poima kapena pothamanga? Madzi amatha? Oilo amatha? Mwasinthapo chiyani?

"Mwana wanga," adatero kwa dalaivala, "silinda iliyonse imafuna zinthu zitatu: moto, chakudya ndi mphamvu yopanikiza. Chimodzi chikasowa, imagona. Tiyambe tadziwa kuti wagona ndani, kenaka timufunse chimene wasowa."

Adati injini ilire mpaka itenthe. Atagwira pulayala ya mphira kuchigwiriro, poti moto wa pulagi umaluma, adazula waya wa pulagi yoyamba. Injini idatsika mau, kufuna kuzima. Adaubwezera. Wachiwiri chimodzimodzi. Atazula wachitatu, injini sidasinthe mpang'ono pomwe. Wachinayi idatsikanso. "Mwamva? Atatu akugwira ntchito, nambala 3 akungodya nawo."

Apa mpomwe nkhani ya mafuta akuda idafera. Kabuleta ndi imodzi, imadyetsa masilinda onse anayi mbale imodzi. Petulo akadakhala woipa, onse akadadandaula, osati mmodzi yekha.

Adatembenukira ku moto. Pulagi ya nambala 3 adaipititsa pa nambala 1, ya pa 1 n'kubwera pa 3. Misi idatsalabe pa 3. Adasinthanitsa mawaya, adavundukula chivundikiro cha disitibyuta n'kuchiyang'ana padzuwa ngati chili ndi mng'alu kapena kanjira kakuda komwe moto umathawira. Chidali bwino. Adaonetsetsanso kuti mawaya akutsata dongosolo la 1-3-4-2 lomwe injini zambiri za masilinda 4 zimayendera. Pulagi ataigunditsa pa chitsulo, moto udathetheka wabuluu. Moto ulipo, chakudya chilipo. Chatsala chimodzi.

Kamnyamata kaja adakatuma kuti kaike kapepala kukamwa kwa mpope wa utsi. M'malo mongouluzika, kapepalako kankati kakankhidwa, kenaka kayamwidwa. Madala adangogwedeza mutu n'kutulutsa geji yoyezera kompuresheni, yokulungidwa m'nsanza ngati ndalama ya maliro. Masilinda atatu adakankha muvi kufika malo amodzi. Nambala 3 idalekera panjira, kungopitirira theka pang'ono. Adathira kaoilo pang'ono pabowo la pulagi n'kuyezanso. Muvi sudakwere.

"Akadakwera, tikadati maring'i a pisitoni atha, poti oilo amatseka mpata kwa kanthawi. Sadakwere, ndiye kuti mpweya ukuthawira kumwamba, ku mavavu."

Atatsegula chivundikiro cha pamwamba pa injini, adalowetsa fila geji, timalata topyapyala toyezera mpata, pa tapeti iliyonse. Pa injini zakale zotere mpatawo umayenera kukhala pakati pa 0.2 ndi 0.35 mm, malinga ndi mtundu wake. Pa vavu yotulutsa utsi ya nambala 3 panalibe mpata ngakhale wa tsitsi. Chinsinsi cha miyezi iwiri chidali pamenepo. Chitsulo chikatentha chimatalika. M'mawa vavuyo inkatseka mokakamiza, injini n'kumalira bwino. Ikatentha inkatalika, n'kukhala yotsekula pang'ono, mphamvu yonse n'kumathawira ku mpope wa utsi. N'chifukwa chake pa Zalewa ndi pa Chingeni galimoto inkaoneka ngati yachira: sikuti mankhwala adagwira, idangozizira poima paja.

Sipanala imodzi, sikuludiraiva imodzi, mphindi zosakwana 30. Sipeya sadagule ngakhale imodzi. Injini idalira mosalala moti amayi aja adaimba nthungululu anthu a pa chiwaya n'kutembenuka. Koma madala sadabise mau. Atayezanso, nambala 3 idakwera koma sidafanane ndi anzake. Ati vavuyo idayamba kale kupsa m'mphepete, chifukwa vavu imazizira makamaka ikakhala pansi n'kukhudza mpando wake. "Mukabwerako ku Lizulu mukatsitse hedi. Mukazengereza mudzagula vavu, gasiketi ndi ulendo wokokedwa."

Dalaivala adafunsa za magalimoto atsopano a ku Japan omwe adzaza m'tauni, opanda kabuleta ndi disitibyuta. Madala adaseka. Ati amenewo amaika kompyuta n'kuwerenga nambala: P0300 ndiye kuti misi ikuyendayenda, P0303 ndiye kuti ndi silinda yachitatu. Koma kompyuta imangotchula nyumba ya wodwala, matenda ake simanena. Umasinthanitsabe koilo, pulagi ndi injekita, n'kuona ngati vuto lasamuka nazo. Likakana kusamuka, geji ija imatulukanso m'nsanza. "Kuona maso a nkhono n'kudekha," adatero akupukuta manja.

Kuchoka pa Ntcheu msewu umakwera, mphepo n'kusintha. Pa mphambano ya Tsangano mbatata zili m'ndowa mizeremizere. Kupitirira apo msewu umayenda m'malire enieni: kudzanja lamanja Malawi, kumanzere Mozambique, dera la Angonia. Nkhondo ya kumeneko isanathe mu 1992, m'mbali monsemu mudali misasa ya anthu othawa kwawo. Lero ndi minda ya kabichi ndi anyezi, ndipo alimi a mbali zonse ziwiri amalankhula chinenero chimodzi, kugulitsa pamsika umodzi. Pikapu ija idakwera zitunda zonsezi osakhosomola.

Tidalowa mu Lizulu, kwawo kwa Inkosi ya Makosi Gomani, dzuwa lili paliwombo. Malole a ku Lilongwe adali atamanga kale matenti. Tomato wolimba, woti n'kugona masiku atatu pa benchi, adali atapita. Amayi adapikula wakupsa kwambiri, woti agulitsidwe mawa lomwelo apo ayi n'kutaya, ndipo kabichi adamupeza atakwera mtengo. Mayi wa ngongole uja adadzaza madengu awiri m'malo mwa atatu.

Pobwerera adagwirizana zodula ndalama ya hayala, dalaivala sadatsutse. Iye mwini adawerenga zake: mapulagi anayi omwe sadali ofunika, fyuluta, amakaniko awiri, ndi petulo wa miyezi iwiri amene silinda yogona inkangomutaya osapsa. Chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, sipeya yogula mongoyerekeza ndi chakudya cha ana cha sabata yathunthu.

Tsono inu a geni amene mumachita hayala, musanakweze madengu imani kaye pafupi ndi galimotoyo injini itatentha, mumvere kumpope wa utsi. Ikamati phu! phu! funsani mwini wake kuti ndi silinda iti, ndipo adaiyeza ndani. Akayankha kuti ndi mapulagi chabe tikasintha panjira, funani ina.