Ku Qumran, alifabeti ikuchitira umboni alembi ambiri

Msewu wochokera ku Jerusalem umangotsetsereka, kudutsa chipululu cha Judea, kulambalala Jericho, mpaka m'chigwa cha nyanja ya Dead Sea, mamita oposa 400 pansi pa mlingo wa nyanja zikuluzikulu. Ndinautsata popita ku Qumran, kumene mipukutu yakale inayamba kupezeka m'mapanga mu 1947. Kulibe zambiri zodyetsa maso: mabwinja a miyala, maenje osungiramo madzi, mapanga ongoonekera patali, ndi dzuwa loswa mtengo. Chimene chinanditengera kumeneko ndi funso la Masalmo. Kodi ndi ntchito ya David yekha, monga timamvera pa guwa? Ine ndikuti ayi, ndipo mboni yanga ndi alifabeti.

Chihebri chili ndi zilembo 22, ndipo alakatuli ena ankayala mavesi motsata ndondomeko yake. Salmo 119 ndiye chimake: zigawo 22, chilichonse cha mavesi 8 oyamba ndi chilembo chimodzimodzi, onse pamodzi 176. Masalmo 25, 34, 37, 111, 112 ndi 145 amayenda motero, komanso Miyambo 31 kuyambira vesi 10, ndi mitu inayi yoyamba ya Maliro. Wowerenga m'Chichewa sangazione, chifukwa zimasowa pomasulira. Luso lotere ndi la munthu wozolowera cholembera, ndipo ubwino wake kwa ife ngwakuti vesi likatayika kapena likasuntha, mpata umaonekera ngati dzino loguluka. Salmo 145 m'malemba a Chihebri amene tinalandira lilibe vesi la chilembo cha nun, koma mpukutu waukulu wa Masalmo wa m'phanga la 11 pano pa Qumran, lopezeka mu 1956, uli nalo, monganso Baibulo lakale la Chigiriki. Kaya wina analidumpha pokopera, kaya wina anatseka mpatawo, manja oposa amodzi anagwirapo.

Umboni wolemera kwambiri uli pa zilembo ziwiri, ayin ndi pe. Masalmo 119 ndi 145 amaika ayin patsogolo, monga ana a ku Israel amaphunzirira lero. Koma Maliro 2, 3 ndi 4 amaika pe patsogolo. Kumeneku sikulakwitsa: phale la ku Izbet Sartah, lofukulidwa mu 1976, limasonyeza kuti kalekale ena ankasanja pe asanafike pa ayin. Ngakhale Maliro 1, amene m'Mabaibulo athu amatsogoza ayin, m'chidutswa cha ku Qumran amatsogoza pe. Ndiye kuti panali miyambo iwiri ya kaphunzitsidwe, ndipo ndakatulozi zinadutsa m'manja mwa alembi a mbali zonse.

Wina anena kuti dzina la David lalembedwa pamwamba pa masalmowo, nanga tikanirenji? Zoona, lili pa masalmo 73, kuphatikizapo 25, 34, 37 ndi 145. Koma chiwerengerochi chinkakula ndi nthawi. Baibulo la Chigiriki limamupatsa ochulukirapo, ndipo mpukutu wa m'phanga la 11 uja umati anapeka masalmo 3,600, nyimbo zonse pamodzi 4,050. Dzina likamakoka nyimbo chonchi, ndiye kuti lasanduka mbendera ya mwambo, osati siginecha. Maliro nawo satchula wolemba m'Chihebri. Jeremiah akutchulidwa m'mawu oyamba a Chigiriki. Ndipo Salmo 137, la akapolo a ku Babylon, ndi la zaka mazana anayi David atamwalira.

Wina anenanso kuti alifabeti inalipo kale m'nthawi ya David, ndipo mwala wa ku Tel Zayit, wopezeka mu 2005, umamuvomereza. Apa ndilibe chotsutsa. Sindikunena kuti David sanapeke nyimbo, komanso kutsata zilembo pakokha sikusonyeza zaka za ndakatulo. Koma kupezeka kwa zilembo m'nthawi ya mfumu sikutanthauza kuti ndakatulo iliyonse yozitsata ndi yake. Masalmo 111, 112 ndi 119, amene luso lake ndi lakupsa, alibe dzina la munthu aliyense, ndipo amene anasonkhanitsa bukuli anawasiya choncho.

Pokwera kubwerera ku Jerusalem ndinalowa mu Shrine of the Book, nyumba ya mipukutu imene inatsegulidwa mu 1965, momwe mumasungidwanso buku la Aleppo Codex, lolembedwa zaka zoposa 800 Qumran itasanduka bwinja. Mlaliki amene akufuna kulemekeza Masalmo azitchula David, koma asamaiwale alembi opanda mayina amene anapeka, kukopera ndi kusanja bukuli kwa zaka mazanamazana.